Za Anthu Okhala pa Dziko la Mwini, ndi za Ana Awo

Ife a kuno ku Chilumba tizolowera kutsikira ku doko pa tsiku lakufika sitima, ena kukalandira alendo, ena kukatenga katundu, ena kukangopenya chabe. Ndipo Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951, yakhala ikukocheza pano pa mibadwo itatu. Akulu akumbukira kuti Azungu oyamba anatcha malo ano Deep Bay, chifukwa cha kuya kwa madzi ake. Koma chilipo chinthu china chimene ngakhale akulu ambiri sachidziwa, ndicho chakuti pa zaka zoposa 40 nthaka iyi, kuyambira mchenga wa m'mbali mwa nyanja kufikira mapiri a kumadzulo, inalembedwa m'mabuku a Boma kuti ndi ya kampani ya ku Ulaya. Agogo athu anamanga nyumba, nabzala nthochi ndi chinangwa, naika akufa awo m'manda, ambiri a iwo osadziwa kuti pa chikalata anali alendo pa dziko la mwini.

Nkhani imeneyi tifuna kuilongosola mwezi uno, abale athu owerenga, pakuti m'kati mwake muli funso limene silikalamba. Munthu akakhala pa malo amene lamulo liti si ake, ndani aloledwa kukhalapo? Ndipo iye akamwalira, kapena ana ake akakula, atsala pakhomo ndani? Ife a kumpoto funsoli linangotilambalala masiku aja, koma abale athu a kummwera linawagwera pamutu zaka 70.

Umo dziko linagulidwira

M'chaka cha 1878 anthu ena a malonda a ku Glasgow anayambitsa kampani imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes, koma ife tiidziwa ndi dzina la Mandala. Oyang'anira ake oyamba anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Kampaniyo inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884, nichita nkhondo ndi Mlozi ndi anzake ogula akapolo kuyambira 1887 kufikira 1889. M'zaka zomwezo anthu ake anayenda kwa mafumu a kumpoto kuno ndi mapepala, ndipo mafumu, amene sanadziwe kuwerenga, anaikapo zizindikiro zawo, nalandira nsalu ndi mphatso zina. Kummwera nako, m'mapiri a Shire, Azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer anachita chimodzimodzi. Anapereka nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, nati, tagula dziko.

Apa panali kusamvana kwakukulu, ndipo mavuto onse otsatira anaphuka pa tsinde limeneli. Pa mwambo wa makolo mfumu sigulitsa dziko, pakuti si lake. Iyo ndiyo msungi chabe, yosungira amoyo ndi osabadwa omwe. Mlendo akadza, mfumu imlozera pomanga ndi polima. Iye apereka nkhuku kapena nsalu kuthokoza, ndipo tsiku limene achoka malowo abwerera ku mudzi. Koma kwa Mzungu wa malonda kugula dziko kunali ngati kugula mbuzi: ukalipira yakhala yako, uwete kapena uphe, palibe wakufunsa. Chotero mfumu inati ndalandira mlendo, ndipo mlendoyo anati ndakhala mwini.

Boma la Angerezi linakhazikika m'dziko muno mu 1891, ndipo wolamulira wake woyamba, Harry Johnston, anayamba mu 1892 kufufuza mapepala onse aja. Ena anawakana, ena anawachepetsa, koma ambiri anawavomereza, napatsa eni ake chikalata chotchedwa Certificate of Claim. Dziko lonse lolembedwa m'zikalatazo linali maekala pafupifupi 3,700,000. Ndipo mwa amenewa maekala 2,700,000 anali m'boma lathu lino, limene nthawiyo linatchedwa North Nyasa. Chigawo chachikulu chotere chinachoka m'manja mwa Mandala nichilowa m'manja mwa British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes. Ngakhale Dr Robert Laws, pofuna kumanga Livingstonia pa Khondowe mu 1894, anayenera kukambirana za malowo ndi kampani yomweyo.

Tisam'namizire Johnston kuti sanaganizire konse eni mudzi. M'zikalata zambiri anaikamo mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo pa tsiku lakulemba isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma; koma anaonjezanso kuti anthu asamange midzi yatsopano kapena kutsegula minda yatsopano popanda chilolezo cha mwini dziko. Mawu oyambawo anali abwino, koma anali ngati dengu lobooka pansi. Choyamba, palibe amene analemba mayina a anthu otetezedwawo, kapena kuika malire a minda yawo. Chachiwiri, chikalata sichinanene kanthu za ana ndi zidzukulu, amene akakula adzafuna minda yawoyawo. Chachitatu, makolo athu sanali kulima munda umodzi kosalekeza. Nthaka ikaguga anali kuisiya tsala natsegula mphanje, ndipo mudzi womwe unali kusamuka pakapita zaka. Tsono mudzi ukangosiya bwinja lake, mwini dziko anati uwu ndi mudzi watsopano, chitetezo chake chatha.

Kuno kwathu mabowo amenewa sanationonge, ndipo chifukwa chake si nzeru zathu ayi. Kampani ya Rhodes sinafune kulima. Maso ake anali pa miyala ya mtengo wapatali ya pansi pa nthaka, ndipo dziko lino linali kutali ndi njira za malonda. Chotero sinatsegule minda ikuluikulu, ndipo anthu anakhala m'midzi mwawo monga kale, pansi pa mafumu awo. Mu 1936 kampaniyo inabweza nthakayo m'manja mwa Boma, nisunga ufulu wa miyala wokha. Tinakhala m'nyumba ya mwini zaka zonsezo, koma mwiniyo sanabwere kudzagogoda.

Thangata

Kummwera mwini anabwera. M'maboma a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje Azungu anabzala khofi. Khofi atakanika anabzala thonje ndi fodya, ndi tiyi m'malo a mvula yambiri. Mbewu zimenezi zifuna manja ambiri m'nyengo ya dzinja, nyengo yomweyo imene munthu aliyense afuna kupalira chimanga chake. Ndani akanasiya munda wake mwaufulu kukapalira wa mnzake? Eni dziko anapeza yankho mwa Alomwe, amene kuyambira cha m'ma 1899 analowa ambirimbiri kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Iwowa anafika opanda malo, ndipo mwini dziko anati: khalani pano, mangani, limani, koma lendi yanu ndi ntchito.

Ntchito imeneyi inatchedwa thangata. Pa chiyambi liwuli linali lokoma, lonena za kuthandizana kwa anansi pa dima, kapena kulimira mfumu mwaulemu. Koma pa minda ya Azungu linasanduka dzina la goli. Pangano linali lakuti mwamuna agwire mwezi umodzi wa lendi, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, umene mu 1894 unali masheleni 3 pa chaka. Koma mwezi wa pa tikiti sunali mwezi wa kumwamba. Anali kuwerenga masiku olembedwa okha, ndipo kapitawo akaona kuti mgwazo sunathe, tsikulo silinalembedwa. Chotero miyezi iwiri inali kutalika, nidya dzinja lonse, ndipo munthu pobwerera ku munda wake anapeza udzu utameza chimanga.

Pamenepo pa dziko limodzi panakhala mitundu iwiri ya anthu: eni mudzi akale, amene chikalata cha Johnston chinati asavutidwe, ndi obwera, amene anakhala mwa chifundo cha mwini. Koma mitundu iwiriyi inakwatirana, ndipo popeza mayina sanalembedwe, eni dziko anayamba kuitanitsa thangata kwa onse. Mu 1903 nkhaniyi inafika ku bwalo lalikulu la milandu, pamene ofesala wa Boma woyang'anira za anthu akuda anasumira kampani ya Blantyre and East Africa. Woweruza, Joseph Nunan, anagamula kuti mapangano amene kampaniyo inachititsa mafumu anali osalungama, ndi kuti eni mudzi akale sayenera kulipira lendi pa nthaka ya makolo awo. Chiweruzo chinali cholungama, koma chinasowa wochinyamula. Mu 1904 Boma linapanga lamulo lakupatula malo ena pa minda ya Azungu kuti akhale a anthu, koma silinagwire ntchito, pakuti eni minda anali ndi mawu amphamvu kwa Bwanamkubwa.

Malo amene anatchuka koposa ndi kuwawa kwa thangata ndiwo Magomero, munda wa A. L. Bruce Estates, ndipo chomvetsa chisoni ndi ichi, kuti banja la Bruce linali la mkamwini ndi zidzukulu za David Livingstone, amene anadana ndi ukapolo moyo wake wonse. Woyang'anira mundawo, William Jervis Livingstone, anali kutalikitsa masiku a thangata, nakaniza sukulu, natentha nyumba zopemphereramo zimene anthu a Mbusa John Chilembwe anamanga pa dzikolo. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira Magomero, namupha Livingstone. Ndipo pa 3 February Chilembwe yemwe anaphedwa alikuthawira ku malire. Akulu amene Boma linawatuma kufufuza anavomereza kuti pa munda wa Bruce panali nkhanza. Mu 1917 linatuluka lamulo lakuti lendi ikhale ya ndalama, osati ya ntchito. Koma eni minda anaopseza kuti adzapirikitsa aliyense wokana ntchito, ndipo lamulolo linafota ngati la 1904.

Lamulo la 1928

Tsono tifika pa mtima wa nkhani yathu. Atafufuzanso za malo mu 1920, ndipo atakangana zaka zingapo, a Boma anakhazikitsa mu 1928 lamulo lotchedwa Natives on Private Estates Ordinance. Ili ndilo lamulo limene linanena poyera kuti woyenera kukhala pa dziko la mwini ndani, alipire zingati, ndi kuti ana ake atani.

Zabwino zinalimo. Lendi sinalinso ya pakamwa pa mwini munda. Bungwe la m'boma lililonse linali kuika malire ake, ndipo m'malo ambiri inakhala paundi imodzi pa chaka. Munthu analoledwa kulipira mwa njira zitatu: ndi ndalama, ndi ntchito, kapena pogulitsa kwa mwini dziko mbewu monga fodya. Ndipo wolipira lendi yake sakanachotsedwa tsiku lililonse monga kale. Koma mtengo wa zabwinozi unali wowawa. Lamulolo linafafaniza kusiyana kwa eni mudzi akale ndi obwera. Onse anakhala alendi. Mdzukulu wa mfumu imene inalandira Mzungu woyamba anayamba kulipira lendi pa nthaka imene munagona agogo ake, ndipo lonjezo la Johnston ndi chiweruzo cha Nunan zinakwiriridwa pamodzi.

Ndipo panali mfundo zitatu zimene zinalowa m'nyumba mwenimweni. Yoyamba: pakutha pa zaka 5 zilizonse mwini dziko analoledwa kuchotsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse, osanena chifukwa. Yachiwiri: mwana wamwamuna wa mlendi, akafika zaka 16, analibenso ufulu wakukhala pa dzikolo, ndipo mwini akafuna akanatha kumchotsa. Yachitatu: mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa mlendi sakanatha kumanga pamenepo popanda chilolezo cha mwini dziko.

Kuti timvetse kulemera kwa mfundo yachitatuyi, tikumbukire mwambo wa abale athu a kummwera. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe awerenga mtundu potsata mayi. Mudzi ndiwo mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo, pansi pa nkhoswe yawo. Munda utsika kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Ndipo mnyamata akakwatira ndiye anyamuka kukakhala chikamwini kwa mkazi wake. Mudzi wotere ukhala ndi moyo chifukwa cha akamwini olowamo. Tsekani khomo la mkamwini, mwapha mudzi wosakhetsa mwazi.

Tiyerekeze banja lina lokhala pa munda wa tiyi ku Thyolo m'zaka zimenezo, la ana aakazi atatu ndi aamuna awiri. Lendi alipira chaka ndi chaka, mlandu alibe. Mwana wamwamuna woyamba afika zaka 16, asanamere ndevu, asanaganize za ukwati. Ndipo kapitawo adza nati, uyu salinso mwana, alembedwe ntchito kapena achoke. Mwana wamkazi apeza mbeta yake yatha, ankhoswe amanga ukwati monga mwa mwambo. Koma mkamwini asanazike nsichi ayenera kukaima pa khonde la ofesi, chipewa m'manja. Mwini dziko akasowa antchito chaka chimenecho, avomera, malinga mnyamatayo alowe thangata. Akaona kuti anthu achuluka, akana. Akakana, mtsikanayo ali ndi njira ziwiri, zonse zowawa: atsate mwamuna wake kunka kumene alibe munda kapena mbale, kapena atsale kwa amake, mwamuna nakhala wobwera usiku ngati mbala. Ndipo pakutha pake nkhalamba ziwiri zitsala zokha m'nyumba yodontha, popanda wofolera denga. Zikamwalira, malo abwerera kwa mwini dziko, pakuti ulendi sunali cholowa.

Tsono ife a ku Chilumba tisati nkhani iyi ndi ya eni ake. Mwambo wathu ndi wina: kwa Ankhonde ndi Atumbuka mwamuna apereka ng'ombe za malowolo, mkazi nadza ku mudzi wa mwamuna, ndipo mwana wamwamuna ndiye amanga pafupi ndi atate wake, nalowa m'khola, m'dimba la nthochi ndi m'munda wa mpunga. Mfundo ya mkamwini sikadatipweteka kwambiri. Koma taganizani mfundo ya zaka 16 ikadagwera midzi yathu. Mwana aliyense woyenera kulowa m'malo mwa atate wake akadakhala woyamba kuchotsedwa. Lamulo limodzi lomwelo linali ndi mipeni iwiri, wina wodula mudzi wa kuchikazi, wina wodula mudzi wa kuchimuna. Ndipo mu 1928 nthaka yathu inali ikadali m'buku la kampani. Akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kutha kwake

Lamulo linati ochotsedwa apezeredwe malo ndi Boma pa nthaka ya mafumu. Koma m'mapiri a Shire nthaka yotere inali itadzaza kale. Mu 1943, nyengo yakuchotsa anthu itakwananso, mabanja ambiri a m'boma la Blantyre analandira makalata, nakana kunyamuka, pakuti analibe kolowera. Pamenepo dandaulo la malo linakula m'dziko lonse. Mabungwe a anthu ophunzira, amene loyamba lake linabadwira ku Karonga kwathu kuno mu 1912, ndilo North Nyasa Native Association, anagwirizana mu 1944 napanga Nyasaland African Congress. Ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Levi Mumba, amene anali mlembi wa bungwe la ku Karonga lija. Nkhani ya thangata inali pakati pa madandaulo awo aakulu.

Mu 1946 Boma linatuma woweruza wina, Sir Sidney Abrahams, kudzafufuza. Nthawi imeneyo anthu okhala pa minda ya Azungu anali pafupifupi 173,000, m'mabanja 49,000. Abrahams anaona kuti kukonza mfundo za lendi sikungathetse mlandu, pakuti mwini dziko ndi mlendi sanali kumvana pa chinthu choyamba, chakuti nthaka ndi ya yani. Uphungu wake unali wakuti Boma ligule nthaka yonse imene Azungu sanali kuilima, ndi imene panali midzi yambiri, kuti anthu akhalepo mwaufulu pansi pa mafumu awo. Boma linayamba kugula, koma mwaulesi. Pofika 1954 linali litagula maekala pafupifupi 350,000, ndipo chigawo chachikulu cha Magomero chinali m'kati mwa zogulidwa m'zaka zimenezo.

Lamulo lina la 1952 linafewetsako kachotsedwe ka anthu, koma lendi inakwera, ndipo mitima sinatsike. Mu August 1953, chaka chomwe dziko linalowetsedwa m'Chitaganya anthu asakufuna, zipolowe zinabuka ku Thyolo nizifalikira m'maboma oyandikana. Anthu 11 anafa. Chipani cha Malawi Congress chitapambana masankho a 1961, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda atakhala nduna yoyang'anira za nthaka, lamulo la 1962 linathetsa thangata, nilipatsa otsala pa minda ya Azungu, amene tsopano anali mabanja ngati 9,000 okha, ufulu wakukhala osaopa kuchotsedwa. Kuchokera pa zikalata za Johnston kufikira pamenepo zinapita zaka 70; ana obadwa pamene mafumu anali kulandira nsalu zija anamwalira ambiri asanaone tsikulo.

Za masiku athu

Thangata la Azungu linatha, koma funso lija linangosintha malaya. Dziko litalandira ufulu, minda ya fodya inachuluka m'chigawo cha pakati ndi cha kumpoto, ndipo eni ake, amene tsopano ambiri anali anthu akuda anzathu, analemba matenanti: mabanja okhala pa munda wa mwini, olandira chakudya pa ngongole, ogulitsa fodya kwa mwini yekhayo, ndi ochoka chimanjamanja mwini akafuna. Mchitidwe umenewu unaletsedwa ndi lamulo la ntchito mu 2021. M'matauni namo, Boma linakhazikitsa mu 1964 bungwe la Malawi Housing Corporation lomanga nyumba za lendi ndi zogulitsa. Ndipo alipo aphunzitsi, anamwino ndi apolisi okhala m'nyumba za ntchito. Nyumba yotere ilembedwa m'dzina la munthu mmodzi. Ana angabadwiremo, nakuliramo, nabzala mango pabwalo. Koma nyumba ya ntchito itsata ntchito, ndi nyumba ya lendi itsata pangano, ndipo banja limene silinaganizire zimenezi lidzidzimuka maliro asanaiwalike.

Ngakhale pafupi ndi ife pompano chitsanzo chilipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 Boma linatsegula masikimu a mpunga ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya. Maploti ake sanali ogawidwa ndi mfumu monga minda ya makolo. Nthaka inali ya Boma, ogawa anali a komiti, ndipo wosatsata malamulo a ulimi akanatha kulandidwa. Pambuyo pa chaka cha 2000 masikimu otere anayamba kuperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi eni ake. Koma mwini ploti akamwalira, funso lakale lidzuka: alowemo ndani, mkazi amene anaokera ndi kupalira momwemo zaka zambiri, mwana wamkulu amene ali ku tauni, kapena mbale wa malemu?

Aphungu a Nyumba ya Malamulo anayesa kuyankha mbali ina. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 liti munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, pamodzi ndi ena amene anali kudalira iye; ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo ku khoti. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yakuti banja lilembetse munda wake, nilinena kuti m'makomiti a malo a m'midzi mukhale amayi pamodzi ndi abambo. Koma taona kale m'mbiri iyi kuti lamulo lolembedwa bwino lingathe kugona m'buku, monga anagonera malamulo a 1904 ndi 1917, ngati anthu a pamudzi salinyamula.

Pano tsono tidziyese tokha. Tonse tipsa mtima pomva za mwini munda amene anakana mkamwini, nachotsa mnyamata wa zaka 16. Nanga ife, mbale wathu akamwalira, mkazi wake timuyesa yani? Anadza kwathu ndi malowolo, natibalira ana, naumba njerwa za nyumbayo pamodzi ndi mwamuna wake. Koma m'midzi ina maliro akangotha amva kuti iye ndi wobwera, ndi kuti akhala pamenepo mwa chifundo cha alamu ake. Ndipo kummwera mkamwini woferedwa mkazi amva mawu omwewo, nanyamula mphasa yake kusiya nyumba imene anamanga ndi manja ake. Mawu akuti wobwera ndiwo amene anali pakamwa pa eni minda aja. Ngati anali oipa pakamwa pa Mzungu, sakoma pakamwa pathu.

Mbiri iyi itisiyira malangizo atatu, ndipo tiwapereka kwa inu akulu a mabanja. Loyamba, dziwani mtundu wa malo amene mukhalapo, ngati ndi a makolo, a sikimu, a lendi kapena a ntchito. Pakuti agogo athu anakhala zaka 40 osadziwa, ndipo anapulumuka mwa mwayi chabe. Amene muli m'nyumba ya ntchito, yambani kuumba njerwa kwanu mukadali ndi mphamvu. Lachiwiri, lembani mayina. Lonjezo la Johnston linafa chifukwa palibe analemba kuti otetezedwa ndi ayani, ndi kuti munda wawo ulekeza pati. Chotero munda, ploti kapena nyumba, onani kuti dzina la mkazi wanu ndi a ana anu adziwika kwa mfumu, kwa komiti, ndi pa pepala. Lachitatu, nenani mukadali moyo. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pamaso pa nyakwawa, nimunene poyera amene adzatsala pakhomo. Kuchita chotero si kuitana imfa ayi, koma kutsekera ana anu khomo la milandu.

Ndipo inu amene mudzakhala pa bwalo tsiku lakugawa za malemu, musanatsegule pakamwa yambani mwapenya ana ali pamphasawo, nimufunse kumene adzagona mvula ikadza.